Bodza Langa pa Pepala la Adokotala

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka. Bedi nambala 7, la pazenera, koma wina asasirire ayi. Zeneralo layang'anizana ndi khoma la nyumba yochapira, ndipo zonse zomwe ndikuona ndi mapaipi awiri ndi ndere pamene madzi amadontha.

Fupa la ntchafu yakumanzere lathyoka. Sindinapunthwe, sanandimenye. Ndimangotsika masitepe a ku fakitale nthawi ya nkhomaliro, ndinangomva kuti thyo, basi ndili pansi. Adokotala a mafupa akuti fupa la munthu wa zaka 39 silithyoka lokha popanda chifukwa. Mwendo aukulunga, aumangirira chingwe, ndipo kumapazi kwa bedi kukulendewera chitsulo cha makilo anayi. Lamulo lake nali: osadzuka, osaponda, osatembenuka wekha.

Kope ili andigulira akulu anga. Akuti ndizilembamo zonena madokotala, chifukwa ine ndikapsa mtima makutu amatseka. Sakunama.

Lachiwiri, 4 Malichi

Tsiku muno limayamba 6 koloko ndi ngolo ya mankhwala, gudumu lake limodzi limalira tswii, tswii. Kenako kuyeza kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, phala, mapiritsi awiri a ululu, ndiye kabeseni kodzithandizira. Ine munthu wamkulu, woti atelala makumi atatu amanjenjemera ndikagwira malaya awo, lero ndikudikira mwana wa eni ake adzandilowetsere kabeseni kunsi. Koma abale!

Ntchito yanga ndi kuyang'ana zovala zikasokedwa. Msoko wokhota, batani logwedera, ndimabweza. Ku fakitale palibe amene amadziwa dzina langa lenileni, onse amanditcha Bwezani.

Pa bedi 8 pali mayi wogulitsa nsapato kumsika, chotupa chili m'mimba. Ndawatcha Mayi Wailesi chifukwa sazima. Asanandipatse n'komwe moni anandifunsa kuti, "Nanga bere linalo linapita kuti, anzanga?" Ndinawauza kuti linapita zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndi khansa, mwamuna wanga analitsatira patatha miyezi inayi, ndipo mpaka lero onse awiri sanabwerere. Anaseka mpaka anamwino anabwera kudzatiletsa.

Lachinayi, 6 Malichi

Andiboola ntchafu ndi kutengamo kachidutswa ka fupa kukapima. Zotsatira sabata yamawa. Ululu wake usaneneke. Sindinadye.

Loweruka, 8 Malichi

Abwera akulu anga ndi Katsabola. Katsabola ali ndi zaka 22, amaluka tsitsi ku saluni, ndipo dzinalo anapatsidwa ali wamng'ono chifukwa cha pakamwa pake. Akulu anga amawatcha amayi, ine amanditcha mayi aang'ono. Atangolowa anandiyang'ana kumutu nkuti, "Iii, mayi aang'ono, tsitsi ili mwagwirizana ndi nkhuku kuti iikiremo?" Anatulutsa chipeso m'chikwama, nkukhala kumutu kwa bedi.

Abweretsa mpunga, nyama yankhuku ndi malalanje anayi. Malalanje awiri adya Mayi Wailesi, eti akundithandiza.

Lachitatu, 12 Malichi

Khansa ya m'fupa. Ndinafunsa ngati ndi ya bere ija yabwerera. Adokotala a mafupa anati ayi, iyi ndi ina, yachilendo, yayamba payokha. M'mapapo mulibe. Ndondomeko: mankhwala a m'diripu kwa masabata khumi, kenako opaleshoni yochotsa fupa lodwala ndi kuikapo chitsulo. Kunyumba sindipita, mwendo sungachoke pachingwe.

Masabata khumi chigonere chagada, maso ku mapaipi.

Ananenanso kuti khansa ziwiri zosiyana munthu asanakwane zaka 40 si zongochitika mwangozi. Mawa atumiza dokotala wina woona za matenda a kumtundu.

Lachinayi, 13 Malichi

Wabwera. Mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, pensulo atatsomeka m'tsitsi. Anakoka mpando, nkuyala pepala lalikulu pa kabati, nkuyamba kujambula banja lathu. Akazi timizere tozungulira, amuna timabokosi, womwalira amamudutsitsa mzere.

Bambo athu, zaka 41, chotupa cha m'mutu. Mzere. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, zaka 30, bere. Mzere. Mlongo wathu wamng'ono, zaka zisanu ndi zinayi, khansa ya m'magazi. Mzere. Anthu amenewa ndinawalira mmodzimmodzi, zaka zotalikirana, koma sindinawaonepo atandandalikidwa pamodzi chonchi.

Akukayikira kuti pali china chimene tikupatsirana m'magazi. Anati ngati chilipo, mwana aliyense wa munthu amene ali nacho ali pakati ndi pakati, akhoza kutenga, akhoza kusatenga. Kenako anafunsa: "Inuyo muli ndi ana angati?"

Ndinati, "Ndilibe."

"Akulu anu?"

"Mmodzi, wamkazi."

Anajambula kamzere kuchokera kwa akulu anga kutsikira pansi, nkuikapo Katsabola. Ananditenga magazi timabotolo tiwiri. Amakapimira kutali, zotsatira pakatha masabata anayi.

Ndanama. Ndilembe muno poti kope silinena. Katsabola ndinabereka ndine. Ndinali ndi zaka 17, mwini mimba anathawa. Akulu anga anali atakhala pabanja zaka zisanu opanda mwana, abale a alamu akuwanena tsiku ndi tsiku. Amayi ananditumiza kukakhala kwa iwo mimba isanaoneke, ndipo tsiku lachitatu mwana atabadwa ndinamupereka. Mapepala onse analembedwa dzina la akulu anga. Amayi anatigwiritsa manja tonse awiri nkutilumbiritsa kuti nkhaniyi tidzapita nayo kumanda. Amayi anapita nayo, alamu anapita nayo, tatsala awiri.

Bodzali ndalinena zaka 22 osaphethira. Lero lokha ndi pamene landivuta.

Lolemba, 17 Malichi

Mankhwala ayamba. Botolo la madzi maola awiri, kenako ofiira, kenako oyera maola anayi, kenako madzinso. Mkodzo wafiira, akuti ndi mmene zimakhalira. Ndasanza kanayi. Kusanza uli chagada mwendo uli pachingwe ndi luso lapadera, ndipo ine ndilibe.

Lachinayi, 20 Malichi

Tiyi yekha. Mkamwa mukumveka chitsulo.

Lachiwiri, 1 Epulo

Tsitsi likutsalira pa pilo. Katsabola wabwera ndi makina a ku saluni, wandimeta mpala. Anagwira mutu wanga ndi dzanja limodzi, akuutembenuza pang'onopang'ono, uku akundiseka kuti mutu wanga uli ndi makona ngati buledi. Atamaliza anandipaka mafuta. Ndinatseka maso kuti asaone zomwe zinali m'menemo.

Atapita, Mayi Wailesi anasendera kumphepete kwa bedi lawo. "Anzanga, mwana uja ndi wa akulu anu, eti? Koma kayankhulidwe, kaimidwe, ngakhale zala zakumapazi, inu yemweyo."

Ndinati, "Magazi ndi amodzi, mukufuna afanane ndi inu?"

"Ine sindinanene kanthu," anatero, nkutembenukira uko. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni muno anakhala chete mphindi zisanu zathunthu.

Lachinayi, 10 Epulo

Zotsatira zabwera. Chilipo.

Adokotala a pensulo afotokoza, ndipo ndinawauza kuti abwereze kawiri kuti ndilembe bwino. Thupi ndi timaselo tambirimbiri. Selo lililonse limagawikana kuti pakhale awiri, ndipo pogawikana limakopera malangizo ake onse. Pokoperapo nthawi zina pamalakwika. Mwa malangizowo muli kachigawo kamodzi, amati jini, kamene ntchito yake ndi kupanga puloteni yotchedwa p53. Dzina ngati nambala ya basi. Puloteni imeneyi ikaona kuti malangizo a selo awonongeka, imaliimitsa kuti lisagawikane mpaka pakonzedwe. Pakakanika kukonzeka, imalilamula kuti life.

Ndinati, "Ndiye kuti ndi Bwezani mnzanga." Anafunsa kuti Bwezani ndani, ndinawafotokozera ntchito yanga. Anaseka pang'ono nkuti ndi momwemo ndithu.

Munthu aliyense amabadwa ndi majini awiri a mtundu umenewu, wina wa kwa bambo, wina wa kwa mayi. Ine wa kwa bambo ndinalandira wowonongeka kale, puloteni yake sigwira ntchito. Ndiye m'selo langa lililonse mwatsala woyang'anira mmodzi yekha. Tsiku lina m'selo limodzi la bere wotsalayo anawonongekanso, panalibe wobweza, selo lolakwika linangopitirira kuchulukana. Chaka chino zachitikanso m'fupa. Zikhoza kuchitikanso kwina.

Zina zimene ananena. Sadzandiwotcha ndi makina a cheza pokhapokha zitavutitsitsa, chifukwa cheza chimawononga malangizo a selo ndipo ine ndilibe wokonza wokwanira. Munthu amene ali ndi vutoli akadziwika msanga, amamuunika thupi lonse chaka ndi chaka ndi makina a maginito opanda cheza, ndipo akazi amayamba kuwaunika mabere ali ndi zaka 20. Kuchiritsa jini sangathe, koma chotupa chikapezeka chili ngati njere, munthu amapulumuka.

Zaka 20. Katsabola ali ndi 22.

Mawa ayeza akulu anga. Akapezeka nacho, ayezanso Katsabola.

Lachisanu, 11 Epulo

Akulu anga apereka magazi. Anabwera pabedi panga atapinda mkono, kathonje kali pamenepo. Ndinawagwira dzanja.

Ndilembe chinthu choipa. Mumtima ndikupempha kuti apezeke nacho. Inde, akulu anga enieni, amene amandichapira zovala zamkati ndi kundipukuta kumsana. Chifukwa akapezeka nacho, mwana ayezedwa popanda wina kutsegula pakamwa. Mulungu andikhululukire, koma pemphero ndi lomwelo.

Lachitatu, 16 Epulo

Maselo oyera a m'magazi atsika kwambiri. Thupi latentha kufika 39. Alendo aletsedwa masiku atatu. Zilonda mkamwa.

Lamulungu, 20 Epulo

Ndakhalako bwino, ndamwa msuzi. Kumsana kwayamba chilonda cha kugona, anamwino awiri amabwera maola atatu aliwonse kudzandipendeketsa ngati thumba la simenti. Ndawerenga matailosi a kudenga, alipo 84, atatu ndi othimbirira. Pa mapaipi paja lero panatera mbalame. Inayang'ana muno kamodzi nkuuluka, yanzeru.

Lachisanu, 2 Meyi

Akulu anga alibe.

Adokotala anawauza pomwe pano, Katsabola ali pompo. Akulu anga anagwada pansi pa simenti. Katsabola anafunsa kuti, "Nanga ine?" Adokotala anati, "Mayi ako alibe, ndiye sangakupatse chimene alibe. Iwe uli ngati munthu wina aliyense, palibe chifukwa chokuyezera." Anachotsa pensulo m'tsitsi nkuchonga pambali pa kamzere kake pa pepala la banja lija.

Mwana anavina. Anavinadi pakati pa mabedi, Mayi Wailesi akumuombera m'manja. Kenako anandikumbatira nkuti, "Pepani mayi aang'ono, ndikusangalala inu mukudwala." Ndinati vina mwanawe, vina.

Ndinayang'ana akulu anga. Iwo anali kalikiliki kupinda ndi kupindanso kansalu ka mbale.

Lolemba, 5 Meyi

Ndayesa njira yachidule. Ndinati, "Adokotala, ingomuyezani mwana uja kuti mitima ikhale pansi." Anati kuyezaku sikuchitika mwachisawawa, pamafunika chifukwa, ndipo pa pepala chifukwa palibe. Katsabola nayenso ndinamuyesa dzulo, anati, "Singano ine? Mwaiwala kuti ndinaluma namwino ndili sitandade 2?"

Sindinaiwale. Ndinali pakhomo pa chipatala tsiku limenelo, nditanyamula nsapato zake.

Lachitatu, 7 Meyi

Akulu anga anabwera okha, ndinawauza atseke katani.

Ndinati, "Asisi, tiyenera kumuuza."

"Unalumbira."

"Ndinalumbira ndisakudziwa za p53."

"Usandiuze manambala ine. Mwina alibe."

"Mwina ali nacho. Azakhali anapita ali ndi zaka 30. Ine bere linapita ndili ndi 31. Mukufuna tidzadziwe atathyoka pa masitepe?"

Anatsitsa mawu, koma anali akuthwa. "Iwe unamusunga masiku atatu. Atatu! Chikuku ndinali ine. Mano akumera ndinali ine. Atagwa mumtengo ndinathamanga naye kumsana ndine. Bambo ake akumwalira anamugwira dzanja nkumutcha mwana wanga. Lero ukufuna umuuze kuti onsewo anali bodza? Ndilibe wina, iwe. Ndilibe wina aliyense."

Ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima pakamwa panga sipaona njira. Ndinati, "Ndiye mukonda kumuika m'manda ali wanu kusiyana ndi kumuona wamoyo ali wanga?"

Anatola chikwama nkutuluka. Ndinaitana, ndinakuwa, ndinayesa kudzuka mpaka chitsulo chija chinagunda bedi. Ululu unandibweza. Munthu wa miyendo iwiri akanawathamangira nkuwagwira pa chitseko. Ine ndinangotsala ndi katani.

Lachisanu, 9 Meyi

Sanabwere. Chakudya atumiza ndi Katsabola, eti akumva mutu. Mankhwala ulendo wachitatu atha dzulo. Zala zachita dzanzi, cholembera chikupulumuka.

Lolemba, 12 Meyi

Mayi Wailesi awatulutsa. Osati kuti achira. Madokotala anawauza ana awo pakhonde kuti chafalikira, palibenso chochita, akapumire kunyumba. Iwo akudziwa. Pomanga katundu anandisiyira sopo ndi kapu yawo ya pulasitiki.

Anati, "Ine chinandipweteka ndi kuchedwa, anzanga. Chaka chathunthu ndimati ndi mpweya wa m'mimba." Anaima pang'ono atatsamira mwana wawo, nkuwonjeza motsitsa, "Makatani a muno ndi nsalu chabe, si khoma. Koma ine sindinamve kanthu."

Bedi 8 alichotsa nsalu, matiresi ali mbee. Wodi yonse yangoti zii.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndawauza adokotala a pensulo. Ndinayamba ndi kuzungulira, iwo anangodikira, mpaka ndinangoti, "Kamzere ka Katsabola kaja munajambula ndi kolakwika. Ndinakunamizani." Sanadzidzimuke, sanandikalipire. Anatulutsa pepala lija, anafufuta kamzere, nkukajambulanso kuchokera kwa ine. Zinyenyeswa za labala anazipukuta ndi dzanja. Zaka 22 ndakhala ndikufuna kuona chinthu chimenechi, ndipo ndachiona pa pepala la matenda.

Ndinati, "Tsopano chifukwa chilipo. Muitaneni, mumuuze kuti malamulo asintha, kaya makina analakwitsa, chilichonse."

Anapukusa mutu. "Ndi munthu wamkulu. Sindingamutenge magazi osamuuza chifukwa chenicheni, ndipo sindingamunamize. Komanso kumuuza za kubadwa kwake si udindo wanga. Mukafuna ndikhalepo pomuuza, ndidzakhalapo."

Ndinawatukwana mumtima. Khomo lililonse ndikagogoda likundibwezera kwa ine ndemwe.

Lachinayi, 15 Meyi

Akulu anga abwerera. Anandisambitsa, anandipaka mafuta kumsana, anandidyetsa mbatata yophika. Za tsiku lija palibe anatchula. Ndinati pepani chifukwa cha mawu a manda aja. Anati, "Tsegula pakamwa, chakudya chikuzizira."

Lachitatu, 21 Meyi

Anditengera kukaunika mtima, ulendo woyamba kutuluka m'wodi chiyambire Epulo. Ndinaona denga la khonde, magetsi khumi ndi awiri, ndi kachidutswa ka thambo pa zenera la pamakwerero.

Mankhwala ofiira afooketsa mtima. Opaleshoni ndi Lachiwiri likudzali, 27 Meyi, maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Magazi akonza mabotolo anayi. Dokotala wogonetsa anthu sanabise: ambiri amadzuka, koma ndi mtima wangawu sangalonjeze. Ndasaina.

Ndikapanda kudzuka, akulu anga sadzanena. Ndikuwadziwa. Mwanayo adzamukonda, adzamuphikira, adzamupempherera, koma sadzanena. Ndipo adokotala pakamwa pawo ndi pomangidwa.

Loweruka, 24 Meyi

Ndawauza akulu anga kuti Lolemba ndinena, alipo kaya palibe. Sindinakweze mawu ulendo uno.

Anati, "Akandida?"

Ndinati, "Adzadana ndi ine. Inu ndinu amayi ake."

"Usandinyengerere ngati mwana. Atida tonse."

Ponyamuka anandikonzera pilo mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira.

Lolemba, 26 Meyi

Ndanena.

Nthawi ya alendo, 1 koloko masana. Katsabola anabwera ndi kampango katsopano koti ndidzavale ndikatuluka ku opaleshoni. Akulu anga anatseka katani, nkukaima pazenera atatifulatira. Anati, "Nena wekha. Ine pakamwa panga sizituluka." Adokotala a pensulo anaima kunja kwa katani, ndinkaona nsapato zawo.

Ndinali nditakonza mawu ambiri, onse anathawa. Ndinangoti, "Katsabola, uyenera kuyezedwa magazi. Amayi akowa alibe matenda aja, koma amene anakubereka ali nawo. Ndine."

Anaseka. Anati, "Amayi, mankhwala awa ayamba kuwazunguza mutu mayi aang'ono." Akulu anga sanatembenuke. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Mwana anayang'ana msana umenewo, nkuyang'ana ine, nkuyang'ananso msana. Kuseka kunazima pang'onopang'ono.

Ndinamuuza zonse, zaka 17, masiku atatu, lumbiro. Ndinamuuza za woyang'anira mmodzi, za pakati ndi pakati, za makina a maginito. Sindikudziwa ngati anamva.

Kenako anafunsa funso limodzi. "Fupali likanapanda kuthyoka, mukanandiuza liti?"

Ndikanatha kunama. Ndatopa nako. Ndinati, "Sindikanakuuza."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu kumsika. Anapinda kampango kaja bwinobwino, anakaika pa kabati, nkutuluka. Adokotala anamutsatira. Akulu anga anakhala pansi pa simenti, msana atatsamira bedi langa, ndipo tinakhala choncho mpaka belu lotulutsa alendo.

Kuyambira 10 koloko osadya, osamwa.

Lachisanu, 30 Meyi

Ndadzuka. Chingwe achotsa. M'ntchafu muli chitsulo. Magazi mabotolo atatu. Ndadikira Katsabola.

Sanabwere.

Lolemba, 2 Juni

Timapaipi ta pachilonda achotsa. Akulu anga amabwera tsiku lililonse, amandisambitsa, amapita. Maso awo atupa. Katsabola sakugona kunyumba, ali kwa mnzake wa ku saluni. Foni sakuyankha, ya iwo ngakhale yanga.

Lachitatu, 4 Juni

Ndafunsa adokotala a pensulo ngati Katsabola anapereka magazi. Anati, "Za munthu wina sindingakuuzeni, monga mmene zanu sindinauze wina." Ndinati ndine mayi ake. Aka kanali koyamba kunena mawu amenewa mokweza, ndipo mawuwo sanatsegule khomo lililonse. Adokotala anangondigwira phewa.

Ndiye mwina ndaphwanya nyumba ya akulu anga, mwana osayezedwa n'komwe.

Lolemba, 9 Juni

Andiimiritsa. Anthu awiri m'mbali, chogwirira kutsogolo. Chizungulire, thukuta, masitepe atatu, basi. Wophunzitsa kuyenda akuti ndachita bwino. Ndinamuuza kuti asandinamize, ine ntchito yokhota ndimaidziwa.

Pa bedi 8 abwera agogo ena osalankhula. Mwana wa Mayi Wailesi anadutsa kudzatenga mapepala, akuti mayi ake anamwalira Lachinayi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndafika pa chitseko cha wodi ndi kubwerera. Masitepe 26. Mankhwala ayambiranso pa 23, maulendo ena atatu. Adokotala a mafupa akuti m'fupa lomwe anachotsa maselo ambiri a khansa anali atafa, ndi nkhani yabwino. Ndinayamika. Maso anga anali kuchitseko.

Nthawi ya alendo ikakwana ndimamva nsapato za aliyense pakhonde. Za Katsabola ndimazidziwa, amakoka chidendene chakumanja.

Lachinayi, 19 Juni

Wabwera.

Akulu anga anali akundisendera lalanje. Ndinamva chidendene chija. Analowa atavala yunifolomu ya ku saluni, wawonda, nkhope ili gwa. Sanapereke moni. Anaima kumapazi kwa bedi, anatulutsa pepala m'chikwama, nkuliponya pa bulangeti.

"Ndilibe," anatero. "Majini onse awiri ndi abwinobwino. Mwamva? Palibe chanu chimene ndatenga. Ngakhale chimodzi."

Ankafuna andilase, ndipo anandilasa. Akulu anga anagwetsa mpeni, nkuyamba kulira mokweza, osasamala wodi. "Ndiye tamuvutitsa pachabe mwanayu! Pachabe, iwe! Tikanangokhala chete!"

Ine ndinali ndi pepala m'manja, ndikuwerenga mzere umodzi womwewo, chala chikutsata chilembo ndi chilembo. Ndinawerenga kanayi, kufunafuna polakwika, poti ndi ntchito yanga. Panalibe.

Katsabola anatola mpeni uja pansi nkuuika pa kabati. Anagwira akulu anga pamkono nkuwadzutsa. "Tiyeni, amayi, anthu akutiyang'ana. Tikalankhulire kunyumba." Anawapukuta nkhope ndi chikhatho, nkuwanyamulira chikwama.

Ine sananditsanzike, sanandiyang'ane. Ndinamuonerera akuyenda pakati pa mabedi, msana wowongoka, miyendo iwiri yolimba, mpaka chitseko chinabwerera chokha.

Anamwino atafika ndi mapiritsi anandipeza nkhope yonse ili chonyowa. Anafunsa ngati chilonda chikuwawa, awonjezere mankhwala. Ndinati ayi, musavutike, ndalandira uthenga wabwino. Anandiyang'ana mokayika, koma sindinaname. Chibadwire sindinalandirepo wabwino kuposa umenewu.